Kuluka ndi masingano awiri: poyambira pake, olo muli kuno kotentha ku Salima

Anthu amandiseka akandipeza pansi pa mtengo wa mango ulusi uli pamiyendo, amati mayi inu kuno ku Salima kotentha chonchi juziyo avala ndani? Ine ndimangoti dikirani June. Mwera ukayamba kuwomba, asodzi aku Senga Bay akamabwerako m'bandakucha mano akugundana, akabaza a pa Kamuzu Road akamapalasa 5 koloko mmawa atakulunga mutu ndi chitenje cha akazi awo, anthu omwe aja ndi amene amabwera kudzaodira pakhomo kufunsa ngati chipewa chatsalako. Komanso makanda sasankha mwezi, amabadwa chaka chonse, ndipo mwana wongobadwa kumene amafuna kachipewa ndi timasokosi olo kunja kukhale kotani.

Ine anandiphunzitsa ndi azakhali anga ku Lifuwu ndili sitandade 5, zida zake masipoko a njinga awiri ndi ulusi womasula ku juzi yakutha ya amalume. Nde ndikuuzeni musanagule kalikonse: zoluka zonse mumaziona zija, majuzi a sukulu, mashawelo, zipewa, zonsezo ndi masitichi awiri basi. Azakhali ankati puleni ndi pelo, pa foni mukamva akuti knit ndi purl, ndi zomwezo. Masitichiwo mutha kuwadziwa tsiku limodzi. Chomwe chimatenga nthawi ndi dzanja kuti lisiye kumanga ulusi ngati likumanga mbuzi, ndi maso kuti azitha kuwerenga chomwe chili pa singano.

Tiyambe ndi masingano. Masipoko amagwira ntchito, sindingawanyoze poti anandilera, mumapita kwa okonza njinga mkupempha awiri owongoka, mudule kokhota kuja, msonga muinole pamwala koma isakhale yobaya, kumbuyo mubayikeko kachidutswa ka patapata wakutha kuti masitichi asamathawire kumeneko. Vuto lake ndi loti sipoko ndi yowonda, pafupifupi 2mm, nde imayenda ndi ulusi wowonda okhaokha, ndipo munthu wongoyamba kumene masitichi ake amakhala tating'ono tosaoneka bwino, mzere umodzi mpaka mutu kuwawa. Ngati mungathe pezani masingano a 4mm. M'mashopu ogulitsa za matelala amapezeka nthawi zina, akasowa tumani munthu wopita ku Lilongwe. Apo ayi, nsungwi. Dulani timitengo tiwiri totalika ngati kuchoka pa chigongono kufika pa dzanja, mutisepe ndi mpeni tikhale tofanana kunenepa, mutipale ndi sandipepa kapena chidutswa cha botolo, kenako mutipake kandulo mkupukuta ndi kansalu. Kunena zoona wophunzira ine ndimamupatsa ansungwi, chifukwa sateleleka ngati achitsulo, masitichi sangogwa okha.

Za manambala a masingano samalani pang'ono. Amakono amalemba mamilimita, nambala ikakula singano yanenepa. Koma pali akale aja a ku Britain amene amapezeka m'mabokosi a agogo, amenewo ndi chosemphana, nambala ikakula singano yawonda: nambala 8 ndi 4mm, nambala 10 ndi 3.25mm, nambala 12 ndi 2.75mm. Aku America nawo ali ndi zawo, kwa iwo 6 ndiye 4mm, 8 ndi 5mm. Nde munthu akangokuuzani kuti gwiritsani nambala 8 mufunseni kuti 8 yake iti.

Ulusi. Wambiri umene timagula kuno ndi acrylic, ndipo kwa ife ndi wabwino, umachapika, sudula ngati waubweya weniweni, njenjete siziudya. Pa kapepala kokulunga mpukutu yang'anani mawu oti DK kapena double knitting, umenewo ndi umene umayenda ndi 4mm. Wolembedwa 4 ply ndi wowonderapo, umafuna 3.25mm, chunky ndi wonenepa wa masingano akuluakulu. Poyamba gulani wowala, wachikasu kapena wobiriwira mopepuka. Wakuda ayi, wa nevi ayi, simudzaona kalikonse, makamaka madzulo magetsi atathima mukuunikira tochi ya foni. Wa ubweyaubweya wonga wa mphaka uja, wokongola pa shelefu, muusiye kaye chifukwa mukalakwitsa sumasuka. Kapepalako musataye. Pamakhala nambala ya utoto ndi ina ya gulu lomwe ulusiwo unanyikidwa limodzi, mipukutu iwiri itha kukhala yofiira yonse koma magulu osiyana, mudzazindikira juzi itatha kuti mkono umodzi wasiyana ndi thupi. Pa chinthu chachikulu gulani wokwanira kamodzi.

Ndalama zikavuta, kaunjika alipo, ndipo apa ndikhalitsepo chifukwa ambiri amaluza. Si juzi iliyonse imamasuka. Itembenuzeni muone msoko wa m'mbali. Mukaona msoko wa ovaloko, wonga wa m'kati mwa tisheti, isiyeni, imeneyo anachita kudula nsalu yoluka mkusoka, mukamasula mzere uliwonse uzituluka kaulusi kakafupi kodukaduka. Yabwino ndi imene mbali ziwirizo zili zathunthu, zangolumikizidwa ndi kaulusi kooneka ngati tcheni. Kameneko mukakapeza poyambira kamangosololoka kokha mpaka pansi. Patulani mikono, kutsogolo, kumbuyo, kolala, ndipo chidutswa chilichonse muziyamba kumasula kuchokera kumwamba, kumapewa, kutsika mmunsi. Mukayambira kumunsi muzingolimbana nazo. Onaninso kuti juziyo si yophathana ngati bulangete, yotero inachapidwa m'madzi otentha ndipo ulusi wake unagwirana.

Ulusi womasula umakhala wopotanapotana ngati tsitsi lomasula mangongo. Tembenuzani mpando miyendo m'mwamba muuzungulize pamiyendopo, mumange malo anayi ndi kaulusi kena kuti usasokonekere, muuviike m'madzi ozizira a sopo pang'ono, mutsukuluze, mufinye osapotokola, muupachike pamthunzi. Ukauma muukulunge mpira koma mosathinitsa. Mukafuna kudziwa kuti ndi ulusi wanji dulani kachidutswa muyatse ndi machesi panja: acrylic amasungunuka ngati jumbo mkusiya kanthu kolimba kakuda, waubweya umanunkha tsitsi lowauka ndipo phulusa lake limafumbutuka m'zala. Zimenezi mudzazifuna pochapa.

Tsopano kuika masitichi pa singano. Njira zilipo zingapo, ine ndikupatsani ya chala chachikulu. Kokani ulusi ku mpira wotalika katatu kuposa mulifupi mwa chomwe mukufuna kuluka, onjezani pang'ono, pamenepo pangani mfundo ya khwekhwe, yothina mukakoka ija, muilowetse ku singano. Imeneyo ndi sitichi yoyamba. Singano igwireni kumanja. Mchira wa ulusi uja muugwire m'dzanja lamanzere ndi zala zitatu zakumapeto, chala chachikulu chiuzungulire kuti pachalapo pakhale kadiso. Lowetsani msonga ya singano m'kadisomo kuchokera pansi kutsata chala, tengani ulusi wochokera ku mpira muuzungulize pa msongayo, kenako kadiso ka pachala kaja mukadumphitse pamwamba pa msonga, chotsani chala, kokani mchira pang'ono. Yachiwiri imeneyo. Bwerezani mpaka 20. Masitichi azitha kuyenda pa singano mukawakankha ndi chala, akamakanirira mwamanga kwambiri, solotsani muyambirenso. Ine ophunzira anga tsiku loyamba amaika mkumasula kasanu, ena amakwiya, koma mawa lake dzanja limakhala lagwira.

Puleni. Singano ya masitichi ipite kumanzere, yopanda kanthu kumanja, ulusi wa ku mpira ukhale kumbuyo kwa ntchito, kutali ndi inu. Lowetsani singano yakumanja mu sitichi yoyamba kuchokera kutsogolo, kulowera kumanzere kwake, ikatulukire kumbuyo pansi pa inzake, masingano apingasane. Ndi chala chakumanja cholozera zungulizani ulusi pa singano yakumanjayo, udutse pansi pake mkubwerera pakati pa masingano awiriwo. Bwezani msonga pang'onopang'ono itulukire kutsogolo itakola ulusi watsopano uja. Sitichi yakale ivuleni ku singano yakumanzere. Azakhali ankandiimbitsa: lowa, zinga, tuluka, vula. Lowa, zinga, tuluka, vula. Mukamaliza onse 20 singano yodzaza ibwerere kumanzere, muyambenso.

Lukani puleni yekhayekha mizere yonse, mbali zonse. Chotuluka chimakhala cha mizeremizere ngati munda wogalauza, achingerezi amati garter stitch, sichipindika ndipo ndi chabwino pa sikafu ndi bulangete la mwana. Pamapeto pa mzere uliwonse werengani. Mupeza 21, kenako 23, kansalu kakukula ngati siketi, musadabwe aliyense zinamuchitikira. Kawirikawiri zimachokera poyambira mzere: mwatembenuza singano, ulusi mwaukokera pamwamba pa singano kupita kumbuyo, nde sitichi yoyamba yatembenuka ikuoneka ngati iwiri, inu mwaluka yonse. Ulusi uzidutsa pansi pa singano popita kumbuyo. Kwina ndi kubaya pakati pa ulusi kuugawa pawiri. Akachepa kukhala 19 ndiye kuti ina yagwa, tikamba.

Za kumanga kwambirizi ndinenepo ndithu, chifukwa kuno zimaonjezeka ndi kutentha. Manja akachita thukuta acrylic amamata, amalira kwiii pa singano, munthu umayamba kukoka mwamphamvu, ukakoka masitichi amathina, akathina umabaya ndi mphamvu mpaka chala kuboola. Sambani m'manja musanayambe, khalani ndi kansalu kopukutira, lukani mmawa kapena dzuwa litapendeka. Miyezi ya October ndi November masana ine sindigwira nkomwe ulusi. Ulusi udutse momasuka pakati pa zala, ena amauzunguliza ku kachala kakang'ono kamodzi, ndipo mukavula sitichi musakokenso, kukula kwa sitichi amapanga ndi singano osati inu. Musalukire pa kansonga penipeni powonda paja, sitichi yatsopano izifika ponenepa pa singano. Mpira muuike m'botolo la malita awiri lodula pamwamba kapena mu kandowa, chifukwa ukagubuduka pa mchenga wathu uno shawelo yoyera imatha ili yofiira.

Patatha masiku atatu kapena anayi puleni akuyenda osaganizira, bwerani ku pelo. Ndi puleni yemweyo woyang'ana kumbuyo. Ulusi ukhale kutsogolo, mbali yanu. Singano yakumanja ilowe mu sitichi kuchokera kumanja kupita kumanzere, ikhale kutsogolo kwa inzake. Ulusi udutse pamwamba pa msonga, uzungulire kumbuyo kwake, ubwerere pansi kwa inu. Kankhirani msonga kumbuyo itakola ulusiwo, vulani yakale. Poyamba amavuta, ulusi umapulumuka pa msonga, gwirizani ndi chala chachikulu palibe amene akuletsani.

Apa nde pofunika maso. Imani kaye muyang'ane pansi penipeni pa sitichi imene ili pa singano. Mukaona chilembo V chosalala, imeneyo kwa inu ndi puleni. Mukaona kanthu kopingasa ngati kambewu ka mpunga kogona pakhosi pake, ndi pelo. Sitichi iliyonse ili ndi nkhope ziwirizi, V mbali ino mpunga mbali inayo. Mukangodziwa zimenezi mutha kusiya ntchito pakati, kukaphula nsima, kubwera mkudziwa pomwe munali osafunsa munthu. Ndipo mukasiya pakati pa mzere, singano imene ili ndi ulusi wa ku mpira ndiyo ya kumanja, mukasemphanitsa mubwerera komwe mwachokera mkusiya bowo.

Mzere umodzi puleni, wotsatira pelo, mobwereza choncho, mupeza nsalu yosalala ya majuzi ija, ma V okhaokha kunja mpunga okhaokha m'kati. Dzina lake stocking stitch, aku America amati stockinette. Imapindika m'mbali ngati tsamba louma, si kulakwitsa kwanu ndi chibadwa chake, nchifukwa chake majuzi amayamba ndi libu kumunsi ndi kumikono. Libu ndi kusinthanitsa mumzere umodzi, puleni awiri pelo awiri, kapena mmodzi mmodzi, ndipo imatamuka ngati lasitiki. Posintha kuchoka ku puleni kupita ku pelo ulusi uzidutsa pakati pa masingano awiri kubwera kutsogolo, pobwerera chimodzimodzi. Ukadutsa pamwamba pa singano mwabereka sitichi yachilendo ndi bowo pansi pake. Mzere wobwerera musawerengenso, ingoyang'anani: pa V ikani puleni, pa mpunga ikani pelo.

Sitichi ikagwa imatsika mkusiya timaulusi topingasa ngati makwerero. Osasolola singano ayi. Igwireni kaye ndi pini isapitirire, tembenuzani ntchito kuti ma V ayang'ane inu, lowetsani kangowe kolukira madoilo m'kadisomo kuchokera kutsogolo, kolani kaulusi kapansi penipeni pa makwerero mukakokere m'kati, kenako kotsatira, kukwera mpaka pamwamba, mubweze pa singano yakumanzere. Opanda kangowe waya wopinda kunsonga amathandiza. Mukalakwitsa mumzere womwe mulimo bwererani imodziimodzi: singano yakumanzere ilowe mu sitichi ya pansi pa yomwe ili kumanja, vulani yakumanjayo, kokani ulusi. Kusolola singano mkumasula mizere yambiri kusungireni zolakwika zazikulu, ndipo potolanso masitichi gwiritsani singano yowonda, masipoko aja apa nde amapindula.

Kutseka nkosavuta. Lukani awiri, ndi msonga yakumanzere nyamulani woyamba mumudumphitse pa wachiwiri agwe. Lukani wina, dumphitsaninso, mpaka atsale mmodzi, dulani ulusi muulowetse m'menemo mukoke. Chitani momasuka, ambiri potseka amathinitsa mpaka khosi la juzi mutu wa mwana osalowa. Ulusi ukatha pakati pa ntchito lumikizani wina poyambira mzere, osati pakati, siyani michira yotalika ngati chala kuti mudzaisokerere.

Pali kachinthu kamene aliyense amafuna kudumpha: kuyesa dzanja. Ikani masitichi 28, lukani nsalu yosalala ija mpaka italike kupitirira masentimita 10, iyaleni pansi osaikoka, ikani lula pakati muwerenge ma V angati alowa m'masentimita 10. Ulusi wa DK pa 4mm umayenera kupereka pafupifupi 22. Mukapeza 25 dzanja lanu ndi lothina, chomwe muluke chichepa, tengani singano yokulirapo. Mukapeza 19 ndinu omasuka kwambiri, tengani yocheperapo. Ine ndinadumpha zimenezi pa juzi yanga yoyamba ya mwana wa chaka chimodzi, inakakwana mkulu wake wa zaka zinayi, mikono yokha ndi imene inali ya mwini wake. Pa ulusi wa kaunjika wopanda kapepala palibenso njira ina yodziwira.

Chinthu choyamba chenicheni chikhale kachipewa ka khanda. Sikafu ndi yaitali, munthu amatopa asanafike pakati, pomwe kachipewa kali ndi zonse, libu, nsalu yosalala, kuchepetsa, kusoka, ndipo mpukutu wa 50g umatsalako. Mutu wa mwana wobadwa pa nthawi yake umazungulira masentimita 33 mpaka 35, chipewa chimayenera kucheperako kuti chigwire. Ndi DK, masingano a 4mm, dzanja la 22 lija, ikani masitichi 64. Lukani libu ya awiri awiri, mzere uliwonse kuyamba ndi puleni awiri kumaliza ndi pelo awiri, mpaka masentimita 4. Kenako mzere puleni mzere pelo mpaka chonse kuchokera pansi chifike masentimita 10, mumalize ndi mzere wa pelo.

Kuchepetsa ndi kulowetsa singano m'masitichi awiri nthawi imodzi mkuwaluka puleni ngati imodzi. Mzere woyamba: puleni 6, awiri pamodzi, kubwereza mpaka kumapeto, atsala 56. Wobwerera pelo yekhayekha. Wotsatira puleni 5, awiri pamodzi, atsala 48, pelo kubwerera. Kenako 4 atsala 40, kenako 3 atsala 32, kenako 2 atsala 24, kenako 1 atsala 16, pakati ponse mukubwerera ndi pelo. Womaliza awiri pamodzi okhaokha, atsala 8. Lembani manambalawa papepala muzichonga, chifukwa mnzanu akangobwera ndi nkhani ya kumpanda kwa aneba muiwala. Mukachita bwino pamwamba pamaoneka mizere isanu ndi itatu ikukumana ngati masipoko pa habu.

Osatseka. Dulani ulusi wotalika ngati mkono, muulowetse mu singano yosokera yabuntha ya diso lalikulu, muipititse m'masitichi 8 aja mukoke ngati kamwa la kathumba. Ndi ulusi womwewo sokani msoko kutsika, kunja kukuyang'ana inu, muzitola kaulusi kopingasa kamene kali pakati pa sitichi yakumphepete ndi yachiwiri, mbali ino kamodzi mbali inayo kamodzi, mukasoka pang'ono mukoke, msoko umabisala wokha. Michira isokerereni m'kati. Za makanda musaike mikanda, mabatani kapena zingwe zazitali, ndipo m'timasokosi pisani chala muone ngati mulibe kaulusi kolendewera kamene kangakole kachala. Ana obadwa masiku asanakwane, a kangaru aja, amafuna tizipewa tocheperapo, funsani anamwino kukula kwake musanaluke mulu.

Cha munthu wamkulu njira ndi yomweyo, masitichi 112, libu yaitali kuti azipinda kuphimba makutu, muluke mpaka masentimita 16 osawerengera popinda, kuchepetsa kuyambe ndi puleni 12 awiri pamodzi, kutsika choncho. Asodzi amakonda chakuda, nde chidikire maso atazolowera.

Kopeza thandizo. Ndinene mosabisa, zonse ndalembazi munthu wokhala pambali panu akhoza kukuonetsani pa mphindi khumi. Oluka alipo ambiri kuposa mmene mukuganizira, anangosiya chifukwa majuzi a kaunjika anatchipa. Funsani ku Chigwirizano ngati muli a CCAP, ku Mothers' Union kwa a Anglican, makamaka uko ku Nkhotakota komwe mpingowo ndi wakale, kwa amayi a Dorika, kwa amayi a dawa, olo pa sikelo penipeni, mukaona mwana wavala chipewa choluka pamanja funsani mayi ake kuti analuka ndani. Amayi achikulire amene anaphunzira zosokasoka kusukulu kale ambiri akadali ndi masingano m'sutikesi. Pitani ndi ulusi wanu ndi kashuga, mukhale pambali pawo osati moyang'anizana, kuti manja awo muwaone mmene anu adzaonekere. Amanzere okha ndi amene akhale moyang'anizana, azitengera ngati pagalasi.

Foni ndi mphunzitsi wachiwiri. Pa YouTube lembani mawu achingerezi enieni a chinthucho, how to cast on thumb method, knit stitch for beginners, purl stitch, pick up dropped stitch, mattress stitch ya msoko uja. Chizungu chisakuopseni, zimitsani mawu muziona manja okha, ndipo pa kagiya ka zosintha paja pali pochepetsa liwiro, ikani 0.5. Sankhani mavidiyo aafupi, a mphindi zitatu kapena zisanu, aatali aja theka lake amangocheza bandulo ikutha. Chenjezo limodzi: pali magwiridwe awiri a ulusi. Ndafotokoza pano ndi a kumanja, amati English. Ena amagwira ulusi kumanzere mkumaukola ndi msonga, amati continental, ndipo amene anayamba ndi madoilo amaona kuphweka. Nsalu yotuluka ndi imodzimodzi, koma sabata yoyamba musasakanize, onjezani mawu oti English style posaka kuti musasokonezeke. Amanzere onjezani left handed.

Mapatani aulere ambiri ali pa Ravelry, tsamba la oluka limene linayamba mu 2007. Kulembetsa nkwaulere, ndipo posaka mutha kusankha aulere okha, oluka ndi masingano osati kangowe, a ulusi wa DK, ndi olukidwa chafulati, amati worked flat. Chomalizachi nchofunika chifukwa zipewa zambiri za kunja amalukira pa masingano ozungulira olumikizidwa ndi kachingwe, amene kuno amavuta kupeza. Chabwino china mumaona zithunzi za anthu ena amene analuka patani yomweyo, nde mumadziwiratu ngati imatuluka bwino. Mukaipeza ijambuleni pa foni kapena muikopere mu kope, netiweki ya kunyanja simungaidalire. Zilembo zake zimaoneka ngati masamu koma nzochepa: k ndi puleni, p ndi pelo, st ndi sitichi, k2tog ndi awiri pamodzi aja, rep ndi kubwereza, RS ndi kunja kwa nsalu, WS ndi m'kati, zimene zili pakati pa tinyenyezi ndi zimene mukubwereza. Cast off ndi bind off ndi kutseka komweko, tension ndi gauge ndi kuyesa dzanja kuja. Mukaona worsted dziwani kuti ndi ulusi wonenepa kuposa DK, manambala ake sangagwirizane ndi anu. Pa Facebook palinso magulu a oluka, mukakakamira jambulani ntchitoyo pafupi, panja powala, mbali zonse ziwiri, anthu amayankha.

Kuchapa mwachidule: madzi ozizira, kufinya osapotokola, kuyanika choyala pa mkeka pamthunzi. Mukapachika pa chingwe madzi amaikoka juzi imatalika. Simbi yamakala pa acrylic ayi ndithu, amasungunuka mkukhala wonyezimira wolobodoka osabwereranso. Waubweya ukakumana ndi madzi otentha ndi kutikita umafota mkuphathana. Muziwauza amene mukuwapatsa, chifukwa akaononga amabwera kudzati ulusi wanu unali wachabe.

Mukayamba kulandira maoda, ndalama ya ulusi ilipiridwe kaye musanaike sitichi olo imodzi. Ine kuno m'nyumba muli juzi ya sukulu yobiriwira imene mayi wina anaitanitsa chaka chatha, anati ndidzapereka zonse pamodzi mpunga ukagulidwa, mpunga unagulidwa, mwana anasintha sukulu, yunifolomu yake pano ndi ya maluni. Ndaimasula kale mikono yonse iwiri, ulusi wake uli pa mpando ukudikira kuviikidwa, utuluka tizipewa tisanu ndi kamodzi.